Sowo yodulira matabwa ndi makona: iti ingamuyenere mmisiri wa kuno ku Tete?

Amisiri ambiri a matabwa kuno kwathu afika poti sowo yamanja yokha sikuwakwaniranso. Eni nyumba za masiku ano, kaya ndi ku Matundo ndi ku Chingodzi mumzinda wa Tete, kaya ku Moatize, kaya kumtunda ku Ulongwe, akufuna siling'i yokhala ndi cornice (timatabwa tokongoletsa pokumana khoma ndi siling'i), skirting m'munsi mwa khoma, ndi mafelemu a zitseko okumana bwinobwino, osati aja omata mipata ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Ntchito yotereyi ndiyo ikupangitsa anthu kuganiza zogula makina odulira makona, aja m'masitolo amawalemba kuti mitre saw kapena serra de esquadria. Ndi makina abwino, koma ndi odula, ndipo bledi yake siisiyanitsa thabwa ndi chala. Maganizo anga ndi akuti sowo yabwino kwa inu ndi imene mungathe kuipatsa magetsi okwanira, kuipezera bledi ikabuntha, ndi kuigwiritsa ntchito manja ali kutali ndi mano ake. Zina zonse zolembedwa pa katoni zimabwera pambuyo.

Zoyenera kudzifunsa musanalowe m'sitolo

Choyamba ndi kukula kwa matabwa amene mumadula tsiku ndi tsiku. Tengani tepi muyese m'lifupi mwa thabwa limene limakupatsani ndalama kawirikawiri. Wokhoma denga amalimbana ndi 2 by 3, 2 by 4 ndi 2 by 6. Wopanga makabati ndi mashelefu amadula matabwa ofika mamilimita 250 kapena 300 m'lifupi. Woika cornice ndi skirting amadula timatabwa topyapyala, koma iye vuto lake ndi kulondola kwa kona. Anthu atatuwa safunika sowo imodzi.

Chachiwiri ndi magetsi. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi ku Songo, komabe midzi yambiri ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga waya sanafike, ndipo nyumba yomwe ikumangidwa kumene nthawi zambiri imakhala isanalumikizidwe ndi EDM. Magetsi athu ndi a 220 V, 50 Hz. Makina odulira makona ambiri amafuna mawati apakati pa 1400 ndi 2000. Pa Credelec sadya mayunitsi ambiri, chifukwa kudula kumodzi kumatenga timasekondi towerengeka. Pamene amavuta ndi pa jenereta. Mota ikamayamba kuzungulira imakoka mphamvu kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndiye kajenereta kowonera TV kamangotsamwa. Makina a mawati 1800 amafuna jenereta yofika 3.5 kVA kapena kuposerapo kuti azidzuka mosavutika.

Chachitatu ndi mtundu wa matabwa. Paini wa kumtunda ndi wofewa koma ali ndi utomoni umene umamatirira ku mano a bledi. Bulugamu akakhala wosauma amapindika ndi kung'aluka. Mlombwa ndi mbawa zimadulika bwino, tsanya wa kuchigwa cha Zambezi ndiye wolimba moti bledi yotchipa imatha msanga. Ndiponso matabwa ambiri amene timagula amakhala ocheka ndi manja kapena ndi chainsaw kutchire, mbali ina yochindikala, ina yopyapyala, ena okhota. Thabwa lotere silikhazikika pa tebulo la makina, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepo.

Mukayankha mafunso atatuwa, sowo iliyonse tiiyeze pa zinthu zinayi: mtengo wake, kupezeka kwake, chisamaliro chimene imafuna, ndi zoopsa zake. Mitengo yeniyeni ya meticais imasinthasintha ndi dola komanso msonkho wa pa malire, choncho ndingoyerekeza iti yotchipa ndi iti yodula.

Sowo yamanja ndi bokosi la makona

Mtengo: Palibe yotchipa kuposa iyi. Bokosi mukhoza kukhoma nokha ndi matabwa atatu ouma a mlombwa, n'kucheka mipata itatu, umodzi wa madigiri 90 ndi iwiri ya madigiri 45 kumanja ndi kumanzere. Ndalama imangopita ku sowo ya mano ang'onoang'ono yokhala ndi msana wachitsulo.

Kupezeka kwake: Sitolo iliyonse ya zipangizo zomangira, ngakhale pamsika wa ku Ulongwe kapena ku Zóbuè.

Chisamaliro: Tupa ya ngodya zitatu ndi kamafuta koteteza dzimbiri nthawi ya dzinja. Koma yang'anitsitsani mano pogula. Sowo zambiri zatsopano zili ndi mano akuda kunsonga, owumitsidwa ku fakitale, ndipo tupa siigwira. Zikabuntha n'zotaya. Mipata ya bokosi nayo imakula m'kupita kwa nthawi, kona n'kuyamba kuphonya, ndiye mumangokhoma bokosi lina.

Zoopsa: Kudzicheka pang'ono pa chala chachikulu poyamba kudula, ndi kutopa kwa phewa. Chala chimakhalapobe. Ena amainyoza njira imeneyi ngati yachikale, koma cornice ya chipinda chimodzi kapena ziwiri imatheka bwinobwino ndi bokosi, ndipo mmisiri amene anaphunzira kona ndi sowo yamanja savutika akadzagwira makina. Kufooka kwake kumaonekera pa nyumba yaikulu ya zipinda zambiri, komanso pa kona yosakwana madigiri 90, imene bokosi silingakupatseni.

Sowo yamagetsi yozungulira yogwira m'manja

Iyi ndi ija ya bledi ya mamilimita 185 kapena 190, yaikulu yake 235, imene ambiri amaitcha circular saw.

Mtengo: Yotsika kuposa makina odulira makona a kampani yomweyo, kawirikawiri ndi mpata waukulu ndithu.

Kupezeka kwake: Ndi yofala mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, ndipo mabledi ake ndiwo osavuta kupeza pa mabledi onse.

Chisamaliro: Makaboni a mota (timakala tolowetsa magetsi m'motamo), chingwe chimene chimathyokera pafupi ndi chogwirira, ndi sipuling'i yobweza chotchingira bledi. Utuchi wa paini ukadzaza m'chotchingiramo chimachedwa kutseka, ndiye muzichipukuta tsiku lililonse.

Zoopsa: Apa m'pofunika kunena mosabisa. Sowo iyi imadula m'lifupi, imang'amba thabwa m'litali, imadulanso mabolodi aakulu, ndipo n'chifukwa chake wokhoma denga amaikonda. Koma thabwa likapana bledi, sowo yonse imabwerera kwa mwini wake, ku ntchafu kapena ku dzanja limene lagwira thabwa. Kupanaku kumachitika mukayala thabwa pa zotsamira ziwiri n'kudula pakati pake, chifukwa mbali ziwirizo zimagwera mkati n'kufinya bledi. Mbali yotayayo iyenera kukhala yomasuka kuti igwe yokha. Ndiponso amisiri ena amamanga chotchingira ndi waya kuti chizikhala chotsegula, ati chimachedwetsa ntchito. Sowo yotereyo ukaiika pansi bledi ikuzungulirabe imathamanga yokha pa simenti, kumene kuli mapazi a anthu. Pa kona za cornice sowo iyi siyenera. Mukatsamiritsa pa sikweya mudzadula 2 by 4 molunjika bwino, koma kathabwa kopyapyala kokhala ndi maluwa kamanjenjemera ndi kutetheka.

Pali chinthu china chimene sindikuchiwerengera ngati njira, koma ndiyenera kuchitchula chifukwa chikuchitika m'mashedi ambiri: kumanga bledi ya mano pa grinder yodulira zitsulo. Grinder yaing'ono imazungulira pafupifupi maulendo 11,000 pa mphindi, ilibe thako lokhazikika pa thabwa, ilibe chotchingira chotseka chokha. Dzino limodzi likakola mfundo, imadumpha m'manja kulunjika kumaso kapena pamimba. Ndalama imene mwapulumutsa posagula sowo siingalipire zimenezo. Musachite, ndipo mnyamata wophunzira ntchito kwa inu musamulole.

Makina odulira makona osayenda pa njanji

Awa ndi makina okhala pa tebulo, mutu wake umangotsika ndi kukwera. Tebulo limatembenuka kumanja ndi kumanzere kufika madigiri 45 kapena kupitirira pang'ono, ndipo mutu umapendekeka chammbali. Kutembenuka ndi kupendekeka pamodzi ndiko kumatheketsa kudula cornice itagona chafufumimba pa tebulo. Bledi yake imakhala ya mamilimita 210, 216, 254, 255 kapena 305.

Mtengo: Wapakati. Makina a Makita, Bosch kapena DeWalt ndi odula, a Ingco ndi Total ndi otsikirapo. Musaiwale kuwerengera bledi yachiwiri, chifukwa imene imabwera m'katoni nthawi zambiri imakhala ya mano ochepa, yoyenera mapaso osati cornice.

Kupezeka kwake: Mumzinda wa Tete amapezeka m'masitolo aakulu a zipangizo, koma mitundu yake si yambiri. Anthu a ku Angónia ena amaona chapafupi kudutsa pa Calómuè kupita ku Dedza ndi Lilongwe, a ku Zóbuè amalowera ku Mwanza mpaka Blantyre, ena amatuma oyenda ku Johannesburg. Mukagula kunja werengerani msonkho wa pa malire, ndipo dziwani kuti makina akawonongeka kubweza kumavuta. Pulagi ya ku Malawi ndi ya mano atatu a ngodya, siilowa m'masoketi athu. Isintheni ndi pulagi yoyenera, osadula n'kulowetsa mawaya osavala. Chenjeraninso ndi makina ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku America, olembedwa 120 V. Amenewo mukawalumikiza ku magetsi athu mota imapsa nthawi yomweyo.

Musanalipire, funsani za bowo la pakati pa bledi. Makina ena amafuna bowo la mamilimita 30, ena 25.4, ena 16. Mukagula makina amene bledi yake siipezeka m'sitolo ya kufupi nanu, tsiku lina ntchito idzaima chifukwa cha kabowo basi. Timphete tochepetsera bowo tilipo, koma tiyenera kukhala tokwana ndendende, osati kuzokota wachala ndi tupa.

Chisamaliro: Makaboni amatha, ndipo chizindikiro chake ndi moto wambiri m'mota ndi kudukizaduka kwa phokoso. Mukawasintha msanga ndi ndalama yochepa, mukachedwa amawononga amecha (gawo lozungulira la mkati mwa mota), imene mtengo wake umayandikira wa makina atsopano. Gulirani makaboni apadera tsiku lomwe mukugula makina. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala mumzinda wa Tete, kumene kumapyola madigiri 40, kumafuna kuti timipata topumira mota tikhale topanda utuchi, ndipo makina asakhale padzuwa. Chingwe chotalikitsira chikhale chochindikala, cha 2.5 mm², ndipo muchitambasule chonse. Chingwe chopyapyala chachitali chimafooketsa mota n'kuitenthetsa.

Bledi ndiyo mtima wa ntchito. Ya mano 24 mpaka 40 ndi ya mapaso ndi mafelemu okhuthala, ya mano 60 mpaka 80 ndi ya cornice ndi skirting. Mukaona thabwa likuda ngati lawauka ndipo pakutuluka utsi, musafulumire kunena kuti bledi yatha. Zulani pulagi, yang'anani mano pafupi: nthawi zambiri mudzapeza utomoni wa paini wauma m'mbali mwa dzino lililonse, wabulauni ngati shuga wopserera. Kuupukuta ndi parafini ndi kaburashi kumabweza bledi mwakale. Mano a carbide, chitsulo cholimba cha kunsonga kwa mano a bledi, sanoledwa ndi tupa wamba, amafuna mwala wa dayamondi, ndipo onola otere sapezeka paliponse. Dzino likagweluka chifukwa cha msomali, bledi imeneyo ichotseni.

Kamodzikamodzi yesani kulunjika kwa makina. Pulagi ili kunja, tsitsani mutu, ikani sikweya pa tebulo itatsamira thupi la bledi pakati pa mano awiri, kenako muiike pakati pa bledi ndi chotsamira chakumbuyo. Pakaoneka kuwala pakati, masulani mabawuti mukonze. Makina amene ayenda pa msewu wa mabampu kumbuyo kwa galimoto sakhala olunjika monga anachokera.

Zoopsa: Pano ndikhalitsapo, chifukwa zimene ndinene zikukhudzanso makina a mitundu iwiri yotsatirayi. Bledi imazungulira maulendo apakati pa 4000 ndi 5000 pa mphindi, ndipo ikamazungulira mano saoneka. Dzanja logwira thabwa likhale kutali ndi mzere wa bledi mamilimita 150, pafupifupi kutalika kwa chikhatho chanu. Ngati kathabwa n'kakafupi moti simungakagwire patali chotere, gwiritsani kilampu, kapena kasiyeni mudule kuchokera ku thabwa lalitali. Zala zambiri zimapita pa timatabwa tating'ono timene munthu akufuna kungochepetsako pang'ono. Musapingasitse manja, kugwira thabwa la kumanja ndi dzanja lamanzere modutsa pansi pa bledi. Thabwa likakhala kumanja, sinthani manja. Magolovesi ndi a ponyamula matabwa, podula avuleni, pakuti dzino likakola nsalu limakoka dzanja lonse. Malaya a manja aatali apindeni.

Thabwa liyenera kugona pa tebulo ndi kutsamira chotsamira chakumbuyo pamalo pomwe bledi idutse. Likakhala lokhota ngati uta, msana wa utawo ndiwo utsamire kumbuyo. Mukalitembenuza, pakati pamatsala mpata, ndiye bledi ikafika kumapeto mbali ziwiri zimagwera kumbuyo n'kuipana, mutu wa makina n'kudumpha. Thabwa lalitali lichirikizeni ndi benchi lofanana msinkhu ndi tebulo la makina. Mnyamata wogwirira kumapeto si benchi: akatukula pang'ono kapena kukoka, bledi imapanika. Matabwa ophwasula ku nyumba yakale kapena amene anagwira konkire afufuzeni misomali ndi simenti musanawayandikize.

Kadulidwe kake ndi aka: lizani makina bledi ili m'mwamba, idikireni ifike pa liwiro lake lonse, itsitseni pang'onopang'ono osakanikiza, ndipo ikadutsa siyani switchi mutu uli pansi pomwepo mpaka bledi iime. Ambiri amalephera pomalizapa. Onani chimene chimachitika: mwadula kansonga ka cornice kotalika ngati chala, kagona pambali pa bledi. Mukakweza mutu bledi ikuzungulira, mano akumbuyo amakakola, kumveka phaa, kansongako n'kuuluka kukamenya khoma kapena diso la munthu, ndipo nthawi zina kamathyola chotchingira chapulasitiki. Kudikira kumatenga masekondi ochepa chabe. Kukhomera kathabwa kosalala kutsogolo kwa chotsamira, kuti bledi idzidulire kampata kokwana iyo yokha, kumathandiza kuti tizidutswa tisagwere kumbuyo, ndiponso cornice siitetheka.

Makina awa ndi odula m'lifupi basi. Musayese kung'ambirapo thabwa m'litali, kudulirapo nkhuni zobulungira, kapena chitsulo cha ringi. Magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu zikhale pa msomali pafupi ndi makina, pakuti phokoso lake limapha makutu pang'onopang'ono munthu osazindikira. Fumbi la matabwa, makamaka olimba ndi la bolodi ya MDF, limawononga mphuno ndi mapapo, ndipo akatswiri a zaumoyo amaliika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Kathumba ka utuchi kamene kamabwera ndi makina kamagwira pang'ono chabe. Dulirani pamalo opita mphepo, mutavala chotchinga mphuno chenicheni. Posintha bledi kapena kuchotsa kachidutswa kamene kakola, zulani pulagi, ndipo magetsi akathima chitaninso chimodzimodzi, makamaka ngati pashedi pamabwera ana.

Malire a makina amenewa ndi m'lifupi mwa thabwa. A bledi ya 254 kapena 255 amadula pafupifupi mamilimita 130 mpaka 140 molunjika, ndipo pa madigiri 45 amatsika kufika cha m'ma 90. Ndiye kuti 2 by 4 imaduka kamodzi, koma 2 by 6, imene ili mamilimita 150, imatsalira pang'ono. Kutukula thabwa kutsogolo kuti bledi imalize n'kuika zala pangozi. Litembenuzeni mudule kawiri, kapena gulani a bledi ya 305.

Pa cornice pali njira ziwiri. Yosavuta ndi kuiimika chozondoka, mbali yopita ku siling'i ikhale pa tebulo, yopita ku khoma itsamire chotsamira, kenako n'kutembenuza tebulo madigiri 45 popanda kupendeketsa mutu. Cornice ikakhala yaikulu moti siingaime, igonekeni. Imene imapendekera madigiri 38 kuchoka ku khoma imafuna tebulo pa 31.6 ndi mutu pa 33.9, ndipo makina ambiri ali ndi zizindikiro pa manambala amenewa. Yopendekera madigiri 45 imafuna tebulo pa 35.3 ndi mutu pa 30. Koma manambalawa ndi a kona yokwana madigiri 90, pamene makoma athu a njerwa zowotcha opaka pulasitala ndi manja sakwana kawirikawiri. Dulani tizidutswa tiwiri toyesera, kwerani nato pa makwerero, muone kumene kukutsala mpata, musinthe theka la digiri, ndipo pokhapo mugwire cornice yeniyeni.

Makina odulira makona oyenda pa njanji

Mutu wake umatsika komanso umayenda kutsogolo ndi kumbuyo pa timipope tiwiri tachitsulo. N'chifukwa chake ngakhale a bledi yaing'ono ya 216 amadula thabwa lofika pafupifupi mamilimita 300 m'lifupi.

Mtengo: Wokwera koposa pa makina a chingwe. Ndipo apa kutchipa kumapweteka kwambiri, chifukwa njanji zosalimba zimagwedera, bledi n'kumayenda mokhota pa thabwa lalikulu. Kuli bwino makina osayenda a kampani yodalirika kusiyana ndi oyenda a kampani yosadziwika pa ndalama yofanana. M'sitolo momwemo kokani mutu kufika kumapeto kwa njanji, muugwedeze kumanja ndi kumanzere. Mukamva kusewera, asiyeni.

Kupezeka kwake: Ochepa kuposa osayenda. Nthawi zambiri n'kuchita kuitanitsa ku Beira, Maputo kapena kunja.

Chisamaliro: Walira mvula walira matope. Zonse za makina osayenda zilipo, kuwonjezapo njanji ndi mabeyaring'i ake, zimene fumbi la Tete limazikonda. Zipukuteni ndi nsalu youma pomaliza ntchito, ndipo musapake girisi wochuluka chifukwa amagwira fumbi n'kusanduka chokhulira. Ndi olemera, aakulu ake amafuna anthu awiri ponyamula, ndipo amafuna malo kumbuyo kwa benchi koti njanji zizitulukira. Pa njinga yamoto sakwera bwino.

Zoopsa: Chachikulu n'kudula mobwerera. Njira yoyenera ndi kukokera mutu kwa inu bledi ili m'mwamba, kuliza, kutsitsa, kenako kukankhira kumbuyo kulowera ku chotsamira. Mukatsitsa kumbuyo n'kumakokera kwa inu, mano amakwera pamwamba pa thabwa ndipo mutu wonse umakuthamangirani. Bledi yoyenera makina awa ndi ya mano osaweramira kutsogolo kwambiri, imene siilumphira thabwa. Ya sowo ya pa tebulo, ngakhale ikwane bowo, imaluma mwaukali. Podula kathabwa kakang'ono mangani njanji ndi bawuti yake kuti mutu uzingotsika. Kumbukiraninso kuti mzere woopsa pano ndi wautali, kuchokera ku chotsamira mpaka kutsogolo kwa tebulo kumene dzanja limakonda kupumira.

Makina a batire

Mtengo: Makina okha angaoneke ofikirika, koma mabatire awiri ndi chaja zimakweza ndalama kwambiri. Amapindulitsa amene ali kale ndi dirilo kapena zida zina za mabatire a kampani yomweyo, pakuti batire ya kampani ina nthawi zambiri siilowa kwa inzake.

Kupezeka kwake: Osowa. Mabatire achinyengo olembedwa mayina a makampani odziwika ndi ambiri, ndipo kuwazindikira ndi maso n'kovuta.

Chisamaliro: Batire ya lithium imadana ndi kutentha. Kuisiya m'galimoto yotseka kapena pansi pa malata masana a ku Tete kumafupikitsa moyo wake. Ku Angónia kozizira imakhalitsa bwinoko, ndipo amene ali ndi sola yokhala ndi inverter yokwanira akhoza kutchaja masana.

Zoopsa: Zonse za pamwambapa, kuwonjeza chimodzi. Palibe chingwe chokukumbutsani kuti makina ali moyo, choncho posintha bledi chotsani batire muiike m'thumba mwanu. Batire yotupa kapena yosweka isatchajidwenso, imatha kuyaka.

Kukadulitsa kwa mnzanu kapena kubwereka

Mtengo: Mumalipira pa ntchito imeneyo basi, kuwonjeza thiransipoti ya matabwa.

Kupezeka kwake: M'tauni mashedi okhala ndi makina alipo. Kumudzi n'kuyenda mtunda.

Chisamaliro: Si chanu, koma mukabwereka gwirizanani poyamba za bledi ikagunda msomali ndi za mota ikapsa. Ubale wa amisiri ambiri umasokonekera pamenepa.

Zoopsa: Makina obwereka simuwadziwa khalidwe lake. Onani ngati chotchingira chikutseka chokha, ngati bawuti ya bledi ndi yomanga, ngati chingwe chilibe mabala. Kudulitsa kutali kumayenda bwino pa mapaso ndi mafelemu amene miyeso yake ndi yodziwika, koma pa cornice sikuthandiza, poti kona iliyonse imafuna kuyesedwa pakhoma pomwepo.

Nanga inu mutenge iti?

Ngati muli kumudzi kopanda magetsi, ku Tsangano, Domwe kapena mkati mwa Macanga, ndipo ntchito yanu ndi zitseko, mipando ndi nyumba imodziimodzi, gulani sowo yamanja yabwino yonoleka, khomani bokosi la makona, ndalama yotsala mugule makilampu ndi sikweya yolondola. Makina opanda jenereta yokwanira adzangokhala m'nyumba. Komanso ganizirani mtunda wa kuchipatala: bala la makina limafuna kusokedwa msanga, ndipo chala choduka chimafuna chipatala chachikulu.

Wokhoma madenga amene amayenda nyumba ndi nyumba ayambe ndi sowo yozungulira yogwira m'manja, ya chotchingira chogwira ntchito, pamodzi ndi sikweya yotsamiritsa ndi mabenchi awiri. Makina odulira makona adzabwere ntchito za mkati mwa nyumba zikachuluka.

Kwa mmisiri wa m'tauni amene chakudya chake ndi siling'i, cornice, skirting ndi mafelemu, ine ndingasankhe makina osayenda pa njanji a bledi ya 254 kapena 255, a kampani imene makaboni ndi mabledi ake amapezeka mu Tete momwemo, pamodzi ndi bledi ya mano 60 kapena 80. Ndi opepuka kunyamula, savuta kusunga molunjika, ndipo zowonongeka zake n'zochepa. Amisiri ambiri amene akufunsa za makina ali m'gulu limeneli, ngakhale maso awo amathamangira ku aja oyenda pa njanji.

Oyenda pa njanji ndi a shedi yokhazikika yopanga makabati, mashelefu ndi masitepe, yokhala ndi magetsi odalirika, benchi lalitali mbali zonse ziwiri, ndi munthu mmodzi wodziwika amene amawagwiritsa ntchito ndi kuwapukuta. Pashedi pamene aliyense wodutsa amagwira makina, kuphatikizapo anyamata ongoyamba kumene, makina otere amakhota msanga ndipo ngozi siichedwa. Wophunzira ayambe ndi bokosi la makona, kenako adule pa makina inu mutaima pambali pake mpaka chizolowezi chodikira bledi kuima chimulowe.

A batire ndi a kontilakita amene amamaliza nyumba zisanalumikizidwe magetsi ndipo ali kale ndi mabatire a mtundu umenewo. Ndipo ngati ndinu mwini nyumba amene mukungofuna kumaliza nyumba yanu imodzi, musagule makina. Itanani mmisiri amene ali nawo abwere adzadulire pamalo pomwepo, ndipo mumukonzeretu soketi yabwino, malo a mthunzi osalala, ndi munthu woletsa ana kuyandikira.